Dzuwa likalowa kwa Nchema, ntchito imatsala ndi batire

Mukamayenda m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Nchema m'boma la Chiradzulu, simungalephere kuona timapanelo ta sola: kena padenga la golosale, kena pamwamba pa nyumba yaudzu, kena katangotsamira ku mpanda kuti katchaje foni. Zipatala zambiri zakumudzi m'dziko muno nazonso zili ndi mapanelo, ndipo masana zonse zimaoneka ngati zili bwino. Koma mwana sasankha nthawi yobadwira. Mayi matenda akamuyamba pakati pa usiku, dzuwa limakhala litapita kalekale, ndipo chomwe chimayatsa getsi m'chipinda chochilira ndi batire. Batirelo likakhala lotopa, namwino amabwerera ku tochi ya pafoni, ngakhale padenga pali mapanelo a ndalama zankhaninkhani.

Inu amene mumathandiza kusikelo, kapena mudakhalapo m'komiti ya chipatala, mukuzidziwa kale zimenezi. Tsiku lolandira mphatso ya sola anthu amaombera m'manja zomwe zili padenga, poti ndi zomwe zimaoneka. Zomwe zatsekeredwa m'kachipinda kakuseri palibe amazifunsa. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mumayamba kumva kuti "sola ija idafa," chonsecho mapanelo akadali bwinobwino, chifukwa iwo amatha kugwira ntchito zaka zoposa 20. Chomwe chafa ndi batire.

Vutoli si la kwa Nchema kokha. Lipoti lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mogwirizana ndi mabungwe ena mu Januwale 2023 lidati anthu pafupifupi 1 biliyoni m'maiko osauka amalandira thandizo m'zipatala zomwe zilibe magetsi, kapena zomwe magetsi ake ndi osadalirika. Kuno kwathu tidazionera pakhomo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambiranso kugwira ntchito mu 2023. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho kudabwera namondwe wa Freddy, yemwe anthu a ku Chiradzulu sadzamuiwala chifukwa cha matope ndi miyala zomwe zidakwirira mudzi wa Ntauchira. Mapolo a magetsi adagwa, misewu idaduka, ndipo chipatala chilichonse chidatsala ndi mphamvu yomwe chidasunga chokha.

N'chifukwa chake dziko layamba kukamba za mabatire akuluakulu. Ku Golomoti m'boma la Dedza, malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022 ali ndi batire la lithium lotha kusunga mayuniti 10,000. Mu Novembala 2024 kudakhazikitsidwa ntchito ya Escom yomanga malo osungira magetsi a mamegawati 20 ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe. Ndalama zikamapita ku mabatire motere, ogulitsa amabwera ndi mitundu yosiyanasiyana, aliyense akutama wake. Mtundu wina womwe ukutchulidwa kwambiri kunjaku ndi batire la vanadium, lomwe amati limakhala zaka 20 kapena kuposerapo. Ndi bwino kulidziwa lisadafike pakhomo panu, ndipo nkhani yake ikuthandizani kumvetsa chifukwa chomwe batire lililonse limatopera.

Batire lamadzi oyenda

Batire la galimoto, lomwe ambiri timalumikiza ku sola kunyumba, lili ndi mapuleti a mtovu omizidwa mu asidi. Mphamvu imasungidwa m'mapuletimo, ndipo nthawi iliyonse mukalitchaja n'kuligwiritsa ntchito mapuletiwo amadyeka pang'ono. Mukamalikama mpaka kutheratu usiku uliwonse, kapena likamakhala pamalo otentha, limafa msanga. Batire la lithium, la m'foni ndi la ku Golomoti, limapirira kwambiri kuposa la mtovu, koma nalonso limasunga mphamvu m'zinthu zolimba zomwe zimakalamba.

La vanadium limasunga mphamvu m'madzi. Lili ndi matanki awiri a madzi a asidi momwe adasungunuliramo chitsulo chotchedwa vanadium. Mapampu amakoka madziwo kuchoka m'matanki, n'kuwadutsitsa m'bokosi lomwe lili pakati, kenaka n'kuwabweza. M'bokosimo madzi a mbali ziwirizi sakhudzana. Pakati pawo pali kachikopa kopyapyala ka pulasitiki yapadera. Masana magetsi a dzuwa amasintha madziwo, ndipo usiku madziwo akamabwerera mmene adalili amatulutsa magetsi aja. Yerekezani nkhokwe ndi chigayo. Matanki ndiwo nkhokwe, bokosi lapakati ndilo chigayo. Mukafuna kusunga zambiri mumakulitsa nkhokwe basi, chigayo n'kukhala chomwecho. Mukafuna kugaya mwachangu ndi pomwe mumakulitsa chigayo. Mabatire enawa salola kulekanitsa ziwirizi.

Amene adalikonza batireli kuti ligwire ntchito ndi mayi wina wasayansi, Maria Skyllas-Kazacos, pamodzi ndi gulu lake pa University of New South Wales mumzinda wa Sydney ku Australia, m'zaka za m'ma 1980. Nzeru yawo idali yoika chitsulo chimodzi chomwecho m'matanki onse awiri. Vanadium amatha kukhala m'maonekedwe anayi akasungunuka, ndipo aliwonse ali ndi mtundu wake: batire likadzaza, tanki ina imakhala yachikasu, inayo yofiirira ngati maluwa a jakaranda; likatha mphamvu, yachikasu ija imasanduka yabuluu, inayo yobiriwira. Popeza chitsulo n'chimodzi, madzi a uku akadutsa pang'ono kachikopa kaja n'kulowa uko, batire siliwonongeka. Amisiri amangosakaniza madziwo n'kuyambiranso. Madzi omwewo angathe kugwira ntchito zaka zambirimbiri, ngakhale kusamutsidwira m'batire lina.

Ngati madzi sakalamba, n'chiyani chimakalamba? Apa ndi pomwe pagona nkhani.

Kansalu kakuda

Amene mudaswapo batire la tochi muli ana mukukumbukira kamtengo kakuda ka pakati paja, kamene kankadetsa zala. Kameneko ndi kaboni, mbale wake wa makala ndi wa kakuda ka m'pensulo. Ntchito yake ndi kupereka njira yoti magetsi alowere ndi kutulukira. Asayansi amakatcha elekitirodi. M'batire la vanadium, m'malo mwa kamtengo amaika kansalu kakuda kofewa, kooneka ngati chidutswa cha bulangete, kokhuthala mamilimita ochepa chabe. Amakapanga kuchokera ku ulusi wa fakitale, wa mtundu womwe amalukira majuzi ndi mabulangete ena, pouwotcha pamoto woposa madigiri 1,000 m'ng'anjo yopanda mpweya mpaka utasanduka kaboni, monga mmene nkhuni zimasandukira makala mu uvuni wokwirira ndi dothi. Kaulusi kamodzi n'kochepa kangapo kuyerekeza ndi tsitsi la munthu, ndipo gawo lalikulu la kansaluko, loposa magawo 9 mwa 10, ndi mipata yokhayokha yoti madzi azidutsamo.

Malonda onse a batireli amachitikira pakhungu la timaulusi timeneti. Vanadium wa m'madzi ayenera kukhudza ulusi kuti apereke kapena alandire mphamvu ya magetsi. Akadutsa osakhudza, ulendo wake wapita pachabe, ngati mlimi wofika pamsika n'kupeza ogula atatseka.

Tsono kansaluka kakangochoka kufakitale kamadana ndi madzi. Mukadonthezapo dontho limangokhala pamwamba ngati mkanda, monga zimachitira pachitenje chatsopano chomwe sichidachapidwepo. M'kati mwa batire zotsatira zake n'zakuti madzi amadzipezera tinjira tochepa n'kumangodutsa momwemo, mbali zina za nsalu zili zouma, zitatsekera timpweya. Mudalipira nsalu yonse koma ikugwira ntchito ndi mbali chabe. Pamene pakhudzidwapo pomwe, kusinthana mphamvu kumachitika mwaulesi, ndipo kuti kuchitike pamafunika kukankha ndi magetsi owonjezera, omwe amangotayika ngati kutentha.

Mu 1992, Skyllas-Kazacos ndi mnzake B. Sun adafalitsa zomwe adapeza atayesa njira yosavuta kumva: adatenga kansaluko n'kukawotcha mumpweya wamba pa madigiri 400 kwa maola 30. Batire laling'ono loyesera lomwe lidali ndi nsalu yosawotcha linkabweza magawo 78 pa magawo 100 alionse a mphamvu yomwe laikidwa. La nsalu yowotcha lidabweza magawo oposa 88. Madzi adali omwewo, kachikopa komweko. Chidasintha ndi khungu la ulusi basi. Adayesanso kuwiritsa nsaluyo mu asidi wamphamvu, ndipo nayonso njirayi idathandiza.

Chomwe moto umachita n'chakuti mpweya wa okosijeni umamatirira pakhungu la kaboni, ndipo khungu lotere limakoka madzi m'malo mowakana. Dontho lija tsopano limalowa nthawi yomweyo. Motowo umadyanso ulusi pang'ono, n'kusiya timaenje ndi timikwingwirima, choncho malo okhudzana ndi madzi amachuluka. Mayi aliyense amene adasinjapo pamphero akudziwa kuti mwala wosalala sugwira mapira. Umafunika kusemedwa kaye.

Kusiyana kwa 78 ndi 88 kungaoneke kochepa papepala. Tiuike m'mayuniti omwe mumagula ku Escom. Mapanelo akathira mayuniti 10 m'batire masana, nsalu yosakonza ikubwezerani osakwana 8, yokonza ikubwezerani pafupifupi 9. Yuniti imodzi yosiyanayo ingayendetse kwa maola pafupifupi atatu makina opangira mpweya wa okosijeni omwe amadya mawati 350. Kwa mwana wa chibayo yemwe akubanika 2 koloko usiku, maola atatu amenewo ndi omwe amamufikitsa mbandakucha, dzuwa n'kudzalandira ntchito.

Koma amene adawotchapo njerwa akudziwa kuti moto uli ndi mlingo wake. Njerwa zosapsa zimasungunuka ndi mvula, zopsereza zimapindika n'kusweka. Nsalu ya kaboni ikawotchedwa mopitirira, kapena pamoto waukulu, ulusi umadyeka, umapepuka ndi kuthetheka, ndipo okosijeni wochuluka pakhungu amayamba kutchinga njira ya magetsi yomwe ankafuna kutsegula ija. Mlingo woyenera umasiyananso malinga ndi fakitale yomwe idapanga nsaluyo, kotero kuti zomwe zidagwira pansalu ya kampani ina sizingangokopedwa pansalu ya kampani ina. Palinso vuto lachiwiri. Kumbali imodzi ya batire, magetsi ena m'malo mopita kwa vanadium amatha kuswa madzi n'kutulutsa mpweya wa hydrogen. Zikatero mphamvu yatayika, matanki awiri aja amayamba kusiyana mlingo wa mphamvu, ndipo batire limasunga zochepa kufikira amisiri atalikonza. Pofuna kuchepetsa zimenezi, ofufuza ena amamwaza pansaluyo tizidutswa tosaoneka ndi maso ta chitsulo cha bismuth, ena amalowetsa nayitirojeni m'khungu la kaboni, enanso amagwiritsa ntchito mpweya wamagetsi wotchedwa plasma womwe umatha ntchitoyi m'mphindi zochepa m'malo mwa maola 30.

Asayansi okhaokha sadamvanebe pa chomwe chimathandiza kwenikweni. Ena amati ndi okosijeni womatirira uja. Ena amati okosijeniyo amangothandiza kuti nsalu inyowe, ntchito yeniyeni ikuchitikira m'mphepete mwa timaenje tomwe moto udakumba. Kwa zaka zambiri ankaganiza kuti mbali yaulesi ndi ya madzi achikasu ndi abuluu, koma kafukufuku wapambuyo pake adaonetsa kuti nthawi zambiri yomwe imatsalira ndi inayo, ndipo ndi yomwe imapindula kwambiri nsalu ikakonzedwa. Musadabwe nazo. Sayansi imayenda chonchi, ngakhale ya mankhwala omwe mumagawa m'midzi: chinthu chimatha kugwira ntchito anthu akadatsutsanabe za chifukwa chake.

Chomwe chikukhudza inu kwambiri ndi ichi. Khungu lokonzedwa lija silikhala chomwecho mpaka kale. Asidi akamadutsapo usana ndi usiku, miyezi ndi miyezi, limasintha, ndipo mphamvu yomwe batire limabweza imayamba kutsika, makamaka kumbali yaulesi ija. Manambala okoma omwe amatuluka m'malabotale nthawi zambiri amachokera ku kabatire kakang'ono ngati chikhatho, koyesedwa kwa masiku kapena masabata m'chipinda chozizira bwino, ndipo sawerengera magetsi omwe mapampu amadya. Batire lathunthu likaikidwa pamalo, lonse pamodzi ndi mapampu ake, limabweza pakati pa magawo 65 ndi 80 pa 100, pomwe la lithium limafika cha m'ma 90. Wogulitsa akakuonetsani nambala, mufunseni kuti ndi ya tsiku loyamba kapena ya chaka chachisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi n'loyenera kwa Nchema?

Ubwino wake ndi weniweni. Mungalikame mpaka pansi usiku uliwonse osaliwononga, zomwe zimapha batire la mtovu. Opanga amati limatha kutchajidwa ndi kutsitsidwa maulendo 15,000 kapena 20,000. Madzi ake sayaka moto. Ku Japan, kampani ya Sumitomo Electric idamanga lotha kusunga mayuniti 60,000 pachilumba cha Hokkaido mu 2015, ndipo ku Dalian m'dziko la China lina la mayuniti 400,000 lidalumikizidwa mu 2022. Vanadium yemwe sachokera kutali: dziko la South Africa, komwe ana athu ambiri amapita kukasaka maganyu, ndi limodzi mwa maiko ochepa omwe amakumba chitsulochi chambiri, pamodzi ndi China, Russia ndi Brazil.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti chipatala chaching'ono chakumudzi sichidafike poti n'kulilandira ndi manja awiri. Lita imodzi ya madzi ake imasunga mphamvu yochepa, kotero kuti mayuniti 10 amafuna malita pafupifupi 500, migolo iwiri ndi theka ya asidi, pomwe batire la lithium la mphamvu yomweyo lingakwane m'kakabati. Lili ndi mapampu, mapaipi ndi kompyuta yoyang'anira, ndipo chilichonse mwa izi chingafe. Pampu ikaima Lachisanu madzulo, mmisiri wake ali kuti? Kachipangizo kolowa m'malo kadzagulidwa ndi ndalama yakunja iti, poti kuyambira pomwe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo? Palinso nkhani ya kutentha. Madzi wamba a batireli akapitirira madigiri 40, vanadium wachikasu uja amayamba kuundana n'kukhala fumbi lomwe limatseka mipata ya kansalu kaja. Ku Chiradzulu sikutentha ngati ku Nsanje, koma lowani m'kontena yachitsulo masana a mwezi wa Okutobala mudzandiuze. Ofufuza a ku America adapeza mu 2011 kasakanizidwe kena ka asidi kopirira mpaka madigiri 50, koma si batire lililonse lomwe limakagwiritsa ntchito. Ndipo ngakhale sayaka, madziwo ndi asidi woopsa pakhungu ndi m'maso, vanadium naye ndi poizoni akalowa m'thupi. Tanki yotere siyenera kukhala pafupi ndi mjigo kapena malo omwe madzi osefukira amafika.

Komwe lingagwire bwino ndi pamalo aakulu: chipatala cha boma, kapena magetsi a sola ogawidwa kwa msika wonse, sukulu ndi chipatala pamodzi, komwe kuli mmisiri wolembedwa ntchito ndi ndalama zolowa mwezi ndi mwezi. Kumeneko batire lokhala zaka 20 lingapose kugula a mtovu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Mwina mudamvapo za miyala ya graphite yomwe idapezeka ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe, kapena ya ku Balama m'dziko la Mozambique, n'kuganiza kuti kansalu kathu kaja kadzachokera kumeneko. Ayi. Graphite ndi kaboni ndithu, ndipo amalowa m'mabatire a lithium, koma nsaluyi imapangidwa ndi ulusi wa fakitale. Phindu lalikulu la malondawa lili mu luso lokonza khungu la ulusi, ndipo luso lotere silikumbidwa pansi.

Firiji idapeza njira ina

Pankhani ya katemera, akatswiri adatopa ndi mabatire mpaka adangowachotsamo. Katemera wambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mafiriji a sola akale ankadalira mabatire a mtovu, ndipo batire likafa firiji yabwinobwino inkasanduka kabati. Mafiriji atsopano omwe WHO imavomereza amalumikizidwa mwachindunji ku mapanelo. Masana amaumitsa madzi omwe ali m'makoma ake, ndipo madzi oundanawo ndi omwe amasunga kuzizira usiku wonse, ngakhale masiku angapo a mitambo. Tinganene kuti batire lake ndi ayezi. Ngati kuchipatala kwanu kuli firiji yotere, musalole aliyense kulumikizako zotchajira mafoni mwachinyengo kapena kusungamo zakumwa, ndipo mapanelo ake azipukutidwa fumbi, makamaka m'chilimwe. Pabotolo la katemera pali kachizindikiro ka bokosi m'kati mwa bwalo: kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo kapena kuposerapo, katemerayo wapsa ndi kutentha ndipo saperekedwa. Kumbukiraninso kuti katemera wina, monga wa kafumbata ndi uja woteteza ku matenda asanu, amawonongeka akaundana, choncho kuzizira kwambiri nakonso si chitetezo.

Ayezi sangayatse getsi kapena kuyendetsa makina a mpweya. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma, omwe adakonzedwa mogwirizana ndi madotolo a pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Rice University ya ku America, amafuna magetsi usiku wonse. Chimodzimodzi zotenthetsera ana obadwa masiku asadakwane. Kumeneko batire silingapeweke, ndipo kwa zaka zikubwerazi lomwe mudzakumane nalo kwambiri ndi la mtovu kapena la lithium.

Mtovu pakhomo

La mtovu likafa silichoka m'mudzi. Limagulitsidwa kwa okonza mabatire pamsika, omwe amalitsegula ndi chikwanje, kutaya asidi pansi, n'kusungunula mtovu pambaula kuti aumbe mapuleti ena. Ofufuza a ku University of Manchester adaona mchitidwe umenewu m'Malawi muno ndipo adachenjeza kuti ukumwaza mtovu wochuluka pamalo pomwe anthu amakhala. Mtovu ulibe fungo. Fumbi lake limagwera padothi pomwe ana amakwawa, pazovala za bambo wobwera kuchokera kuntchito, pamandasi ogulitsidwa pafupi. WHO imati palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wosavulaza mwana. Umaononga ubongo womwe ukukula, ndipo zomwe waononga sizibwerera. Nthawi zambiri mwanayo saoneka wodwala. Amangovutika kusukulu, aphunzitsi n'kumati ndi wopanda nzeru. Ukachuluka umabweretsa kupweteka m'mimba, kuchepa kwa magazi ndi kukomoka, zomwe kwathu kuno timafulumira kuzitcha malungo. Mayi woyembekezera amaupatsira kwa mwana ali m'mimba. Lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la 2020 lidati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi ali ndi mtovu wodetsa nkhawa m'magazi. Ku Thiaroye-sur-Mer, kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 adamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera lomwe anthu ankaswa mabatire n'kumasefa dothi lake kufuna mtovu wogulitsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho batire lakufa lisasungidwe m'chipinda chogona ana kapena pafupi ndi ufa. Lisatsegulidwe pakhomo, ndipo chikopa chake chisasanduke chomwera nkhuku kapena chotungira madzi. Ogulitsa mabatire ambiri amalandira lakale mukamagula latsopano. Njira imeneyo ndi yabwino kuposa kulipereka kwa wosungunula wa pamsika. Ngati m'dera lanu muli malo osungunulirapo mtovu pafupi ndi nyumba, sukulu ya mkombaphala kapena chitsime, uzani mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu, ndipo mwana wa pabanja logwira ntchitoyi akamadwaladwala m'mimba kapena kukomoka, uzani adokotala za ntchito ya makolo ake, poti iwo sangalote.

Bungwe lililonse likabwera ndi sola kuchipatala kwanu, komiti ili ndi ufulu wofunsa isadasaine. Mufunse kuti batirelo ndi la mtundu wanji, lidzabweza mayuniti angati usiku umodzi likatha zaka zitatu, ndani adzalikonze ndipo nambala yake ya foni ili kuti, ndalama yogulira lina idzachokera m'thumba la ndani, komanso lakufalo adzalitenga ndani. Mayankho alembedwe papepala, kope lina likhale ndi komiti. Funsaninso kuti kachipinda ka mabatire kakhale ndi mazenera olowetsa mphepo, chifukwa batire la mtovu lokhala pa madigiri 35 limatha kufa pa theka la zaka zomwe likadakhala pa madigiri 25.

Ndipo pali ntchito ina yomwe volontiya aliyense angaigwire popanda chipangizo. Gulani kope la sukulu, liikeni m'chipinda chochilira, ndipo mlonda kapena namwino wa usiku azilemba ola lomwe magetsi azima. Batire silifa tsiku limodzi. Ngati mu Juni magetsi ankafika 5 koloko m'mawa, mu Seputembala akuzima 2 koloko, mu Novembala 11 koloko usiku, kopelo likuuzani miyezi ingapo zisadathe. Litengeni popita ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera, ndipo kalata yopita ku ofesi ya zaumoyo ku boma la Chiradzulu ilembedwe mwezi womwewo, masiku ndi maola ake atalembedwa momwemo.